Njanji Isanafike M'mbali mwa Mzinda, Nkhani ya Malo Ithe Kaye

Nthawi zonse akuluakulu a mzinda akalengeza kuti akufuna kutalikitsa njanji ya sitima zopepuka zamagetsi kuti ikafike kumadera okhala anthu a m'mbali mwa mzindawo, chinthu choyamba chimene amaonetsa ndi mapu okhala ndi mzere wofiira kapena wobiriwira, ndipo mkangano wonse umayambira pa mzerewo n'kutheranso pomwepo. Ena amafuna kuti udutse kwawo, ena amafuna kuti ulambalale kwawo, pamene andale amafuna kuti ukhudze dera lililonse limene muli mavoti awo. Maganizo anga ndi akuti mzerewo ndi nkhani yachiwiri. Nkhani yoyamba ndi ya malo ozungulira siteshoni iliyonse: ndani adzaloledwa kukhala pamenepo, adzaloledwa kumanga chiyani, ndiponso adzayenda bwanji kuchokera pakhomo pake kukafika pokwerera. Khonsolo imene sinakonzeke kuyankha mafunso amenewa mochita kulemba, isanagule ngakhale chitsulo chimodzi cha njanji, ingachite bwino kugula mabasi.

Chifukwa chake chagona pa miyendo ya munthu. Odziwa za kayendedwe ka m'mizinda amawerengera kuti anthu ambiri amalolera kuyenda pansi mtunda wa mamita pafupifupi 800, womwe ndi ulendo wa mphindi 10, kuti akakwere sitima, ndipo kupitirira pamenepo chiwerengero cha okwera chimatsika msanga. Dera lofika mamita 800 mbali zonse za siteshoni limakwana mahekitala pafupifupi 200. Tiyerekeze kuti pa hekitala iliyonse pali nyumba 10, monga zimakhalira kumene kuli mapuloti aakulu okhala ndi mipanda. Ndiye kuti siteshoniyo ili ndi mabanja 2,000 oti iwatumikire, ndipo ambiri mwa mabanjawo ali kale ndi galimoto pabwalo. Pa hekitala pakakhala nyumba 50, mabanjawo amafika 10,000. Njanji, nthambo zamagetsi, pokwerera ndi malipiro a woyendetsa sitima zimadya ndalama zofanana m'malo onse awiriwa, ndipo chimene chimasiyana ndi kuchuluka kwa anthu ogawana mtolowo.

Komanso mamita 800 a pa mapu si mamita 800 a munthu woyenda pansi. Munthu atha kutsika sitima n'kumaona denga la nyumba yake chapafupi, koma pakati pa iye ndi dengalo pali mpanda wa njanji, msewu waukulu wopanda powolokera, ndi timisewu tokhotakhota tothera pa geti la munthu wina, moti amayenera kuzungulira mtunda wowirikiza katatu. Mayi wogwira mwana pamkono, nkhalamba ya ndodo, kapena munthu woyenda pa njinga ya olumala akayesa ulendo umenewu kamodzi mumdima, popanda magetsi a mumsewu, sabwereranso. Chodabwitsa n'chakuti tinjira ta oyenda pansi, powolokera ndi magetsi zimafuna ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi njanji, koma kawirikawiri zimasiyidwa chifukwa zili m'manja mwa ofesi ina, yokhala ndi bajeti ina ndi mabwana ena, imene sinaitanidwe pamene mzere unkajambulidwa.

Mizinda iwiri ya ku North America ikuonetsa bwino kuti kutalika kwa njanji si kumene kumadzaza sitima. Dallas inatsegula njanji yake mu 1996 ndipo inapitiriza kuitalikitsa mpaka inafika makilomita pafupifupi 150, n'kukhala imodzi mwa njanji zazitali kwambiri za mtundu umenewu ku United States. Calgary, ku Canada, inayamba mu 1981 ndipo njanji yake ndi ya makilomita pafupifupi 60 okha, koma kwa zaka zambiri yakhala ikunyamula anthu oposa kuwirikiza kawiri a ku Dallas. Madera a m'mbali mwa Calgary nawonso si othinana, ndipo zimenezi zikutiphunzitsa kuti kuthinana kwa nyumba si nkhani yokhayo. Chimene Calgary inachita ndi kusunga ntchito zambiri pakati pa mzinda, kuchepetsa dala malo oimikapo magalimoto pakatipo moti kuimika galimoto kunakhala kodula, ndiponso kukonza mabasi oti azitula anthu pa masiteshoni. Zonsezi ndi zosankha zokhudza malo ndi misewu. Ku Dallas njanji yambiri inatsata njira zakale za sitima kudutsa m'madera omwazikana, mumzinda umene munthu wa galimoto ali ndi misewu ikuluikulu yopita kulikonse ndipo savutika kupeza poimika.

Pali njira inanso, yomwe ndi kumanga dera ndi njanji nthawi imodzi. Mzinda wa Freiburg ku Germany utayamba kumanga dera latsopano la Rieselfeld kumadzulo kwake, unafikitsako sitima mu 1997, pamene anthu oyambirira anali atangolowa kumene m'nyumba zawo ndipo mbali yaikulu ya deralo inali isanamangidwe. Kwa wowerengera ndalama za chaka chimodzi, kuyendetsa sitima kupita kumalo kumene kudakali zimakina zomangira n'kuwononga. Koma banja limasankha kugula galimoto yachiwiri kapena kusagula m'miyezi yoyambirira likangosamukira kumalo atsopano, ndipo likagula silibwereranso m'mbuyo. Njanjiyo inadutsa mumsewu waukulu wa pakati pa deralo, masitolo ndi nyumba zosanjikizana zili mbali zonse ziwiri, kotero kuti pafupifupi aliyense amafika pokwerera mosavuta. Ku Portland, m'chigawo cha Oregon, njanji itafika ku Hillsboro mu 1998, dera la Orenco Station linamangidwa pa malo amene kale anali opanda nyumba pafupi ndi siteshoni, chifukwa malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka malo anasinthidwa mogwirizana ndi njanjiyo.

Apa ndi pamene pamabuka chitsutso cholimba, ndipo sichiyenera kunyozedwa. Anthu amene anasamukira m'mbali mwa mzinda anapitako pothawa phokoso ndi kuthinana, ndipo ambiri anaika chuma cha moyo wawo wonse pa nyumba imodzi. Akamva kuti pafupi ndi siteshoni padzamangidwa nyumba za nsanjika zinayi kapena zisanu, amaopa kuti mthunzi udzagwera pabwalo pawo, sukulu zidzadzaza, ndipo magalimoto a alendo adzaima pakhomo pawo tsiku lonse. Mantha ena mwa amenewa ndi omveka ndipo ali ndi mayankho ake, monga kukulitsa sukulu ndi mapaipi a madzi pasadakhale ndiponso kuika malamulo a oimika magalimoto m'misewu yoyandikana ndi siteshoni. Chimene sindingavomereze ndi chimene chimachitika kawirikawiri pamapeto pa misonkhano yotereyi, chakuti deralo limalandira siteshoni koma limakana nyumba zatsopano. Njanji imamangidwa ndi msonkho wa mzinda wonse, kuphatikizapo wa anthu amene sadzaikwera n'komwe, ndipo ikafika, mtengo wa nyumba zoyandikana nayo nthawi zambiri umakwera. Dera lolandira phindu limeneli n'kutseka chitseko kuti wina asabwere kudzakhala nawo, latenga mphatso ya anthu onse n'kuisandutsa yake. Ndi bwino kuwauza anthu chilungamo pa msonkhano woyamba, kuti siteshoni ikubwera ndi anansi atsopano, ndipo dera losafuna anansiwo lili ndi ufulu wokana zonse ziwiri.

Yankho limene makhonsolo amathamangira pofuna kusangalatsa aliyense ndi kuzinga siteshoni ndi bwalo lalikulu loimikapo magalimoto. Bwalo lotere lili ndi malo ake, makamaka pa siteshoni yomaliza, kumene anthu ochokera kutali amasiya magalimoto awo m'malo molowa nawo mumzinda. Koma hekitala imodzi imasunga magalimoto pakati pa 300 ndi 400 okha, ndipo eni ake amakwera sitima kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo, masiku a ntchito basi. Masana onse ndiponso Loweruka ndi Lamlungu siteshoniyo imakhala zii. Hekitala yomweyo itakhala ndi nyumba, chipatala chaching'ono ndi masitolo, ingabweretse okwera nthawi zonse, opita mbali zonse ziwiri, ndipo sitima yobwerera kuchokera pakati pa mzinda m'mawa singayende yopanda anthu.

Chiyeso china chimagwera mainjiniya ndi osunga chuma, ndipo n'chodutsitsa njanji pamene malo ndi otsika mtengo ndiponso pamene palibe wodandaula: pakati pa msewu waukulu, kuseri kwa mafakitale, kapena m'mbali mwa dambo. Malo amenewa ndi osavuta kupeza chifukwa chakuti kulibe anthu, ndipo chifukwa chomwecho ndi chimene chidzasowetse sitima okwera. Sindikunena kuti njira zakale za sitima n'zosathandiza. Manchester, ku England, inatsegula njanji yake ya sitima zopepuka yotchedwa Metrolink mu 1992 potenga njanji zakale zopita ku Bury ndi ku Altrincham n'kuzilumikiza kudzera m'misewu ya pakati pa mzinda, ndipo m'chaka chomwecho Karlsruhe, ku Germany, inayamba kuyendetsa sitima zotha kuyenda mumsewu wa m'tauni ndiponso pa njanji yaikulu yopita ku Bretten, zimene zinachulukitsa okwera kangapo. Koma njanji zakalezo zinkadutsa m'matauni amene anakula mozungulira masiteshoni awo kalekale, ndipo chimene chinkasowa chinali choti wokwera afike pakati penipeni pa mzinda popanda kutsika n'kukweranso china. Funso loyenera kufunsa pa njira iliyonse yotsika mtengo ndi lakuti kodi pali anthu angati ndi ntchito zingati zimene munthu angazifikire pa mphindi 10 akatsika.

Tiyeneranso kukayikira chizolowezi choganiza kuti aliyense wokhala m'mbali mwa mzinda amapita pakati pa mzinda. Zipatala zikuluzikulu, mayunivesite, mabwalo a ndege ndi mafakitale ambiri masiku ano zili m'mbali momwemo. N'chifukwa chake njanji ya T1, imene inatsegulidwa mu 1992 pakati pa Saint-Denis ndi Bobigny, inalumikiza madera a kumpoto kwa Paris osalowa mu Paris mwenimwenimo, ndipo njanji ya Purple Line ya ku Maryland, ku United States, ya makilomita pafupifupi 26 kuchokera ku Bethesda kukafika ku New Carrollton, inakonzedwa ndi cholinga chofananacho.

Kutalikitsa njanji kulinso ndi mtengo umene suoneka pa mapu. Ngati sitima imatenga ola limodzi kupita ndi kubwera, ndipo tikufuna kuti izifika pa siteshoni mphindi 10 zilizonse, pakufunika sitima 6 pa njanji nthawi imodzi. Tikawonjezera gawo lotenga mphindi 15 kupita ndi 15 kubwera, pakufunika sitima 9, oyendetsa owonjezera, ndi depoti yokulirapo. Ndalama za zimenezi zikapanda kupezeka, oyang'anira amachita chinthu chimodzi chokha chimene angathe, chomwe ndi kutalikitsa nthawi yodikira, ndipo sitima imayamba kubwera mphindi 15 kapena 20 zilizonse pa njanji yonse. Pamenepo okwera akale, a m'madera othinana amene ankadzaza sitima, ndi amene amalipira ndi nthawi yawo kuti dera lakutali likhale ndi siteshoni. Munthu amene ali ndi galimoto amaisiya pokhapokha ngati akudziwa kuti akafika pokwerera sayang'ana wotchi, ndipo sitima yobwera katatu pa ola singamukope. Palinso malire a mtunda umene sitima yopepuka, yoima pafupipafupi ndiponso yodikira pa maloboti, ingayende isanasanduke chilango kwa wokwera wochokera kumapeto. Mtunda ukatalika kwambiri, chofunika ndi sitima yaikulu yothamanga yoima m'malo ochepa.

Ziwerengero zimene zimabwera ndi mapulani otere ziyenera kulandiridwa mosamala. Katswiri wa ku Denmark Bent Flyvbjerg ndi anzake atafufuza ntchito zambiri zomanga m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti ntchito za njanji zinkapitirira bajeti yake ndi pafupifupi 45 peresenti, ndipo okwera enieni ankakhala pafupifupi theka la amene ankayembekezeredwa. Kulakwitsa kopendekera mbali imodzi nthawi zonse si ngozi, koma kumachokera poti olemba ziwerengerozo ndi omwewo amene akufuna kuti ntchitoyo ivomerezedwe. Ku Edinburgh, ku Scotland, bajeti inali mapaundi 545 miliyoni, koma njanji inatsegulidwa mu 2014 itadya mapaundi 776 miliyoni ndiponso itafupikitsidwa, pambuyo pa zaka za mikangano ndi kontrakitala ndi mavuto osuntha mapaipi ndi nthambo za pansi pa misewu. Gawo lotsala lopita ku Newhaven linadzatsegulidwa mu 2023. Purple Line ija inayamba kumangidwa mu 2017 ndi chiyembekezo chotsegulidwa mu 2022, koma milandu ya kukhoti ndi kuchoka kwa kontrakitala zinasuntha tsikulo ndi zaka zingapo. Mankhwala ake si achilendo: ziwerengero ziunikidwe ndi anthu amene sapindula kanthu ntchitoyo ikavomerezedwa, ziyerekezedwe ndi zimene zinachitikadi pa njanji zofanana nazo m'mizinda ina, ndipo zimene zili pansi pa msewu zifufuzidwe pokumba mgwirizano usanasainidwe.

Nkhani imene andale saikonda kwenikweni ndi ya ndalama zoyendetsera, chifukwa palibe amene amadula riboni pa tsiku logula zitsulo zosinthira. Addis Ababa inatsegula njanji yake mu 2015, ya ndalama zokwana madola 475 miliyoni, zambiri mwa izo za ngongole yochokera ku China, ndipo anthu anaikwera mwaunyinji. Patangopita zaka zochepa, zambiri mwa sitima 41 zimene zinagulidwa zinali zitaima chifukwa chosowa zipangizo zokonzera, moti zotsalazo zinkabwera mochedwa ndiponso zodzaza. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama za matikiti sizikwanira kuyendetsa sitima zotere m'mizinda yambiri padziko lapansi, ndipo mzinda woona mtima umanena poyera kumene zotsalazo zidzachokere chaka ndi chaka. France inakhazikitsa msonkho wapadera wa zamayendedwe pa olemba anthu ntchito, kuyambira m'chigawo cha Paris mu 1971 ndipo kenako m'mizinda ina kuyambira mu 1973, ndipo lero umaperekedwa ndi amene ali ndi antchito 11 kapena kuposerapo. Msonkho umenewu ndi umodzi mwa mizati imene inathandiza Nantes mu 1985, Grenoble mu 1987 ndi Strasbourg mu 1994 kubwezeretsa sitima m'misewu yawo. Nottingham, ku England, inayamba mu 2012 kulipiritsa olemba ntchito akuluakulu pa malo oimikapo magalimoto a antchito awo, ndipo ndalamazo zinathandiza kufikitsa njanji ku Clifton ndi ku Beeston mu 2015. Njira ya Nottingham ndimaiona kuti ndi yanzeru chifukwa imagwira ntchito ziwiri, kupeza ndalama ndi kuchepetsa chikoka cha galimoto.

Wina anganene kuti kuwerengera kotereku kukondera madera amene ali kale bwino ndipo kukuiwala osauka okhala kutali. Zoona zake n'zosiyana, chifukwa madera a anthu opeza zochepa nthawi zambiri ndi amene ali othinana ndipo anthu ake alibe magalimoto, choncho ndi amene amapambana pa muyeso wa anthu ofika pa siteshoni poyenda pansi. Clichy-sous-Bois, tauni ya nyumba zosanjikizana kum'mawa kwa Paris kumene kunayambira zipolowe za mu 2005, inakhala zaka zambiri yopanda siteshoni ngakhale ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 okha kuchokera pakati pa Paris, ndipo nthambi ya njanji ya T4 inadzafikako kumapeto kwa 2019. Dera lotere likanayenera kukhala patsogolo pa mndandanda kalekale. Choopsa chenicheni kwa osauka chimabwera njanji ikalengezedwa, chifukwa ogula malo amathamangirako, lendi imakwera, ndipo anthu amene sitimayo inamangidwira amasamukira kutali kumene siifika. Choncho khonsolo iyenera kugula kapena kusunga malo ozungulira masiteshoni isanalengeze njira, kuika lamulo loti gawo la nyumba zatsopano likhale la lendi yotsika, ndiponso kupereka chipukuta misozi chokwanira ndi cha pa nthawi yake kwa osamutsidwa ndi kwa eni masitolo amene msewu wawo udzatsekedwa kwa miyezi yambiri pomanga. Ku Hong Kong kampani ya MTR imapatsidwa mwayi womanga nyumba ndi masitolo pamwamba ndi pambali pa masiteshoni, kuti phindu la kukwera kwa mtengo wa malo libwerere ku njanji. Si mzinda uliwonse ungatengere ndondomekoyi yonse, popeza ku Hong Kong pafupifupi malo onse ndi a boma, koma mfundo yoti phindulo lisathere m'matumba a ogula malo okha ingagwire ntchito kulikonse.

Nanga dera limene lalephera muyeso umenewu lichitiridwe chiyani? Lisasiyidwe, koma lipatsidwe basi yabwino. Curitiba, ku Brazil, inayamba mu 1974 kupatula njira za mabasi okha pakati pa misewu ikuluikulu, n'kulola nyumba zazitali m'mbali mwa misewu yomweyo, ndipo Bogotá, ku Colombia, inatsatira mu 2000 ndi mabasi otere otchedwa TransMilenio. Basi yoyenda m'njira yakeyake, yobwera mphindi zochepa zilizonse kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, imapereka zambiri mwa zimene sitima imapereka pa mtengo wochepa, ndipo imaulula zoona zimene kafukufuku wa pa pepala sangaulule. Ikadzaza mpaka kusiya anthu pokwerera, umboni woika njanji wapezeka, ndipo njira yake yasungidwa kale. Ikamayenda yopanda anthu, mzinda wataya zochepa ndipo njirayo itha kusinthidwa. Ndikuvomereza kuti basi ilibe mphamvu yokopa omanga nyumba ngati imene njanji ili nayo, chifukwa aliyense amadziwa kuti njira ya basi itha kuthetsedwa ndi khonsolo yotsatira pamene njanji siizulidwa mwachisawawa. Koma zimenezi zikungolimbikitsa mfundo yoti njanji ipite kumene omanga nyumba adzaloledwadi kumanga.

Ngakhale kumene njanji yavomerezedwa, mabasi ndi amene adzatule pa siteshoni anthu ambiri okhala kupitirira mamita 800 aja, ndipo m'mizinda imene maminibasi a anthu wamba ndiwo amanyamula unyinji, eni ake ayenera kukhala pa tebulo kuyambira pachiyambi. Akasiyidwa kunja adzapikisana ndi sitima mumsewu womwewo, ndipo adzapambana pa maulendo aafupi chifukwa amaima paliponse. Akapatsidwa njira zotula anthu pa masiteshoni, malo oimapo oyandikana ndi pokwerera sitima, ndi gawo lodziwika la ndalama za tikiti imodzi yogwira ntchito pa basi ndi pa sitima pomwe, wokwera sadzalipira kawiri pa ulendo umodzi. Mgwirizano umenewu, pamodzi ndi malamulo atsopano a malo ozungulira masiteshoni ndi gwero la ndalama zoyendetsera, ziyenera kusainidwa ndi makhonsolo onse amene njanjiyo idzadutsemo, ndipo boma lalikulu lisatulutse ndalama zomangira gawo lililonse limene khonsolo yake sinasaine.